Mabotolo Athu a ku Jeddah

1

"Chaka chamawa ngati chino, Aluya azidzanyambita zala chifukwa cha ine."

Ankalankhula choncho anali amuna anga, a Haji Derahim, m'sitolo ya khofi ya pamphambano kwathu ku Tumpat. Ine ndinali panja, ndikusankha mandimu pa benchi ya mayi wina, ndipo mawu awo ankatulukira pawindo limodzi ndi utsi wa fodya.

"Budu wa Derahim adzadyedwa ku Jeddah ndi ku Madina. Tikamaliza kumeneko, London."

"Ku London amadya budu, Haji?" anafunsa wina.

"Sanamulawe. Akadzamulawa adzasiya tiyi."

Mayi wa mandimu uja anandiyang'ana cham'mbali. "Si amuna anu amenewo, Mek Jah?"

"Mawuwo ndi awo," ndinatero. "Koma budu akunenayo sindikumudziwa. Wanga ine kutali kumene anafikako ndi ku msika wa Kota Bharu."

Dzina langa ndine Halijah, koma kwathu amanditchula Mek Jah. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinabadwira m'fungo la nsomba. Pa zaka zonse za ukwati wathu, a Derahim sanapisepo dzanja mu thanki ya budu, msuzi wa nsomba umene timapanga. Ankati fungolo limawapweteketsa mutu. Ntchito yawo inali kuyendetsa galimoto ndi kulankhula, ndipo pa ziwirizi kulankhula ndiko ankakutha bwino. Sanali munthu woipa ayi. Sanandimenyepo, sanakwatirenso wina mobisa kutsidya kwa malire monga amachitira anzawo. Vuto lawo linali limodzi: atapita ku Makka anakumana ndi mwana wa kwathu konkuno dzina lake Marzuki, amene anali ndi sitolo ku Jeddah, ndipo Marzukiyo anawauza kuti anthu athu akapita ku Haji amalira budu ngati khanda lolira bere.

Anabwerako ndi madzi opatulika a zamzam, zipatso za tende, ndi maganizo amenewa. Madzi ndi tende zinatha sabata imodzi.

2

Kwa inu amene simunamudyepo, budu ndi msuzi wa tinsomba ting'onoting'ono ta m'nyanja. Timatisakaniza ndi mchere, n'kutivundikira mu thanki ya simenti, n'kutiiwala. Luso lonse lagona pa kuiwalako. Mayi anga ankati miyezi khumi ndiye yochepetsetsa. Asanafike pamenepo budu amakhala akupumabe.

Tinali ndi mathanki makumi awiri ndi anayi kuseri kwa nyumba. Tsiku limene thanki yadzazidwa, ndinkalemba deti lake ndi choko pa chivundikiro. Wolemba ndinali ine, wofufuta ine, wonunkhiza ndi kulamula kuti "uyu wapsa" inenso. Antchito athu, amayi asanu ndi mmodzi a m'mudzi momwemo, sankandifunsa kanthu. Ndikanati dzuwa latuluka kumadzulo, akanangoti, "Zoonadi, Mek Jah, lero latulukira chauko."

Ndinkaseka kudzitama kwa amuna anga chifukwa kunali kwa pakamwa. Kwanga kunali kwa chete, ndiye ndinkakutcha ulemu.

Maloto a ku Jeddah akanafera m'sitolo ya khofi pakanapanda mpongozi wanga. Mwana wathu mmodzi yekhayo, Rosdi, anabwerako ku Kuala Lumpur ndi mkazi wake Suriani ndi kamwana kawo Dalila, ka zaka zinayi. Suriani anagwirapo ntchito ku kampani yotumiza katundu kunja. Ankadziwa mitengo ya makontena monga mmene ine ndimadziwira mtengo wa mchere.

"Bambo, zikhoza kutheka," anatero tsiku lina tikudya. "Koma ndi ntchito ya chaka chathunthu, ndipo mapepala ake ndi ochuluka kuposa nsomba."

A Derahim anaika mpunga pansi. Pa moyo wawo wonse palibe amene anawayankhapo kuti zikhoza kutheka.

"Wamva, Jah? Mwana wophunzira uyu."

"Ndamva, Abang. Idyani, nsomba ikuzizira." Kwathu mkazi amaitana mwamuna wake kuti Abang.

Ndinene zoona, mtsikanayo analibe vuto. Ankandipsompsona dzanja m'mawa uliwonse, ankanditchula Mayi osachita kukakamiza lilime, ndipo mawondo anga akatupa ankawasisita ndi mafuta. Nkhaka ankadula mokhuthala kwambiri, basi. Ndinafufuza chifukwa china chomudera, osachipeza, ndipo kusachipezako kunkandinyansa.

3

Tsiku lotsatira a Derahim anakasindikiza timakadi. Pansi pa dzina lawo panalembedwa kuti Mkulu wa Zamalonda a Kunja. Anapereka kamodzi kwa wometa tsitsi, kena kwa Shehe wa pa mzikiti wathu, kena kwa ine.

"Nditani nako, Abang? Ndikakufunani ndimangokuwa."

Kenako kunabwera oyendera. Oyamba anali a chiphaso cha halaali. Anafuna kalata yosonyeza kumene mchere wathu umachokera. Mchere, abale! Ndinawauza kuti umachokera m'nyanja, sanaseke. Achiwiri anali a zaukhondo. Anati pansi paikidwe matailosi, matebulo akhale achitsulo, mawindo atchingidwe ndi sefa, ndipo amphaka achoke.

"Amphaka awa agwira ntchito pano kuyambira nthawi ya mayi anga," ndinatero.

"Alibe chiphaso, mayi," anayankha mnyamata wa kolala yoyera, akulemba.

Amphaka anachotsedwa ntchito. Antchito anga anavala timaukonde ta tsitsi pamwamba pa mipango yawo, n'kumaoneka ngati matumba a anyezi. Tinapinyolitsa munda wa kokonati ku banki. Rosdi anaikamo zonse zimene anasunga mu mzinda, ndipo Suriani anagulitsa zibangili zagolide za tsiku la ukwati wake. Sanauze munthu, ndinangoona mikono yake ilibe kanthu.

Nkhani ya mabotolo inabwera chakumapeto. Ife tinkathira budu m'mabotolo agalasi kuyambira kale.

"Galasi ndi lolemera, Mayi," anatero Suriani. "A sitima amalipiritsa kulemera. Komanso likasweka limodzi m'njira, katoni yonse yatha. Tigwiritse apulasitiki olimba, a chivundikiro chomata."

"Budu wa m'pulasitiki? Ngati mafuta a njinga yamoto?"

"Ndawayesa miyezi itatu padzuwa, Mayi. Sanatupe, sanadonthe."

"Mumvere mwanayu, Jah," anatero a Mkulu wa Zamalonda a Kunja. "Dziko linasintha."

Ndinati chabwino. Mawu amenewa ndinawaika pambali mumtima, monga mmene munthu amasungira chingwe osadziwa chimene adzamangire.

4

Marzuki anaitanitsa mabotolo zikwi khumi ndi ziwiri, oti afike nyengo ya Haji isanayambe. A Derahim anavomera pafoni asanafunse aliyense, n'kukalengeza ku khofi kuti kontena idzadzaza mpaka kukhomo.

Lachinayi madzulo Suriani anazungulira mathanki ndi kabuku, akuwerenga madeti anga a choko. Pa chakudya anati, "Mathanki amene afika miyezi khumi akwanira mabotolo zikwi zisanu ndi zitatu zokha."

"Ndiye?" anafunsa Rosdi.

"Timulembere Marzuki zoona. Titumize amene alipo, otsalawo adzapite chaka chamawa."

A Derahim anakhala ngati awalanda chisoti pagulu. "Kontena ya theka? Ndikawauza chiyani anthu?"

"Anthu a ku khofi sagula budu ku Jeddah, Bambo," anatero Suriani mofatsa.

Anali kunena zoona, ndipo a Derahim atapukusa mutu kangapo anavomera. Nkhani ikanathera pomwepo. Koma Lachisanu m'mawa ndinakumana ndi Mek Som, mnzanga wa paubwana amenenso amapanga budu tsidya lina la msewu. Nkhani kwathu imayenda usiku ngati khoswe.

"Ndamva kuti mathanki a mayi ako achepa, Jah," anatero, akumwetulira ndi mano ake atatu. "Usadandaule. Ndikhoza kukubwereka wanga. Aluya adyeko zenizeni."

"Zikomo, Som. Tikafuna kuwathamangitsa tidzakuuza."

Lamulungu, tsiku limene sabata ya ntchito imayamba kwathu, ndinaitana banja lonse kuseri.

"Munawerenga molakwa," ndinatero. "Mathanki asanu a kumpanda awa apsa. Onani madeti."

Suriani anawerama, nayang'ana zivundikirozo nthawi yaitali. Kenako anayang'ana kabuku kake.

"Lachinayi ndinaona ngati..."

"Kunali kukuda, mwana wanga. Ndiponso manambala anga amavuta. Sindinapite patali ndi sukulu ngati iwe."

"Titumizeko pang'ono ku labu yoyezera zakudya, Mayi, tingotsimikiza."

"Labu imatenga masiku angati?"

"Masabata awiri."

"Sitima inyamuka liti?"

"Pakatha masiku khumi."

"Ndiye labu ndi iyi," ndinatero, ndikuloza mphuno yanga. "Yagwira ntchito zaka makumi atatu, sinapemphepo chiphaso."

Antchito anaseka. A Derahim anawomba m'manja. Rosdi anagwira mkazi wake paphewa n'kumuuza kuti, "Pa za budu, Su, Mayi salakwa." Suriani anatseka kabuku.

5

Tsiku lonyamula katundu tinapha mbuzi ziwiri. Shehe anapempherera kontena, anthu anadya mpunga mpaka kumasula malamba, ndipo a Derahim anajambulitsa atagwira chitseko cha lole ngati iwo ndiwo aikankhe mpaka ku doko. Mek Som anabwera, anadya mbale ziwiri, n'kunena kuti nyama inali yolimba.

Sitima inayenda masabata asanu. Itafika, katundu anagwidwa pa doko chifukwa deti lothera ntchito pa timapepala ta pa mabotolo silinalembedwe mwa njira imene akumeneko amafunira. Suriani anakhala pa foni ndi pa kompyuta masabata atatu, akutumiza makalata, akupepesa anthu amene sanawaonepo. Masabata atatu amenewo kontena yathu inali padzuwa la ku Arabiya, yotseka.

Marzuki anaimba Lolemba masana. A Derahim anakweza mawu a foni kuti tonse timve nkhani yabwino.

"Haji, mwanditumizira budu kapena mabomba?"

"Bwanji, m'bale wanga?"

"Atsegula kontena lero. Anthu anathawa! Mabotolo atupa ngati achule, ena aphulika, msuzi ukuyenderera mpaka panja. Doko lonse likununkha, Haji. Munthu wina wasanza pa nsapato zanga."

"Onse?"

"Osaphulika alipo, koma asambira m'zophulikazo. Akuti zonse zikatayidwe, ndipo mtengo wotayira ndi wanu. Ine dzina langa laipa kuno. Musandiimbirenso."

Anatumiza zithunzi. Tinazionera pa tebulo lomwe lija tinkadyerapo. Dalila anafunsa ngati Aluya akonda budu wa agogo.

6

Tsoka likagwa pakhomo, anthu safunsa kuti titani. Amafunsa kuti ndani.

Achibale anasonkhana madzulo a tsiku lotsatira, alamu anga, azakhali a Rosdi, ngakhale ena amene sitinawaone chiyambire maliro a mayi anga. Aliyense anali katswiri wa zamalonda a kunja. Wina anati ndi diso loipa la a nsanje. Wina anati Marzuki ndi tambwali. Kenako mlamu wanga wamkulu anatembenukira kwa ine.

"Iwe, Jah, ndiwe mwini ntchito. Chachitika n'chiyani?"

Suriani anali atakhala pafupi ndi khomo la kukhitchini, atanyamula thireyi ya makapu. Anandiyang'ana. Sanali kundiopseza ayi. Ankangodikira, monga mmene mwana amadikirira mayi ake kuti amutsitse pa mtengo.

"Ine sindidziwa za masitima," ndinatero. "Chimene ndikudziwa n'chakuti zaka makumi atatu ndathira budu m'magalasi, ndipo silinaphulikepo ndi limodzi lomwe."

Mawu onsewo anali oona. Mukhoza kuwatenga limodzilimodzi, kuwaunika padzuwa, simupezamo bodza.

Mitu yonse inatembenukira kukhomo la kukhitchini.

"Pulasitiki!" anatero a Derahim, akumenya tebulo. Sindinawaonepo atakwiya chotero. "Ndinakukhulupirira, mwana iwe. Ndinati ndiwe wophunzira. Wandivula pamaso pa mudzi wonse chifukwa chofuna kupulumutsa masenti!"

"Bambo, mabotolowo ndinawayesa..."

"Unawayesa pakhonde! Khonde ndi Jeddah?"

Suriani anaika thireyi pansi bwinobwino, osagwetsa kapu ndi imodzi, n'kulowa kuchipinda.

Munda wa kokonati unapita ndi banki. Kuchipinda kwa Rosdi kunayamba kumveka mawu otsika koma akuthwa, tsiku ndi tsiku. Ine ndinkakweza wailesi. Patatha miyezi inayi, Rosdi anatuluka m'mawa wina maso ali psuu, n'kundiuza kuti wapereka talaka, ukwati wake watha.

"Chifukwa cha mabotolo?" ndinafunsa.

"Chifukwa cha pakamwa pake," anatero, osawonjezera.

Tsiku lochoka, Suriani anagwada n'kundipsompsona dzanja monga mwa masiku onse.

"Mafuta a mawondo ali pamwamba pa kabati, Mayi. Muzipaka madzulo."

"Uyende bwino."

Dalila anandikupizira kadzanja pawindo la galimoto mpaka pa kona.

7

Tinabwerera ku magalasi ndi ku msika wa Kota Bharu. Amphaka anabwerera pa ntchito. A Derahim okha ndi amene sanabwerere. Ku khofi anawapatsa dzina lakuti Haji Bomba, ndipo atalimva kawiri anasiya kupitako. Munthu amene ankalankhula ngakhale ali mtulo anasanduka wongokhala pakhonde, akuyang'ana msewu. Ndinali nditapempha Mulungu zaka zambiri kuti amuna anga achepetseko mawu. Pempherolo litayankhidwa ndinkalakalaka atanama ngakhale kamodzi za London.

Chaka chachitatu mtima wawo unayamba kuvuta. Tsiku lina masana, ndikuwapatsa phala, anagwira dzanja langa.

"Jah, mwana uja ndinamukalipira kwambiri. Anagulitsa zibangili zake chifukwa cha maloto anga. Ngakhale analakwitsa mabotolo, sindinayenera kutero."

"Idyani, Abang."

"Ukuganiza kuti angandikhululukire?"

Pamenepo mpomwe ndikananena. Tinali awiri, chitseko chotseka, munthu akupita. Koma ndinaganiza za mmene akanandiyang'anira, iwo amene ankauza aliyense kuti mphuno ya mkazi wawo ndi yoposa makina a Azungu.

"Phala likuzizira," ndinatero.

Anamwalira patatha masiku asanu ndi limodzi.

Tsopano ndikuuzeni za Lachisanu lija ndinakumana ndi Mek Som. Masana ake amuna onse anapita ku mzikiti ku swala ya Jumuwa. Antchito anali pa tchuthi. Suriani anali akugoneka mwana. Ine ndinatenga kansanza konyowa ndi choko, n'kupita ku mathanki asanu a kumpanda. Budu wa mmenemo anali ndi miyezi isanu yokha. Ndinafufuta madeti, n'kulemba ena. Kulira kwa adhana woitanira anthu ku swala kunali kusanathe n'komwe pamene ndinamaliza.

Sikanali koyamba. M'mwezi wa Ramazani, oda ikachuluka, ndinkasakaniza budu wosapsa ndi wakupsa. Amagulidwa lero, sabata yamawa botolo latha, palibe amadziwa. Mayi anga ankatero, Mek Som amatero, tonse timatero. Ndinaiwala chinthu chimodzi: msika wathu uli mtunda wa theka la ola, pamene Jeddah ali miyezi iwiri m'bokosi lachitsulo. Budu wopuma anapitiriza kupuma. Akanakhala m'magalasi, akanaphulika ndithu, n'kuvulazanso anthu.

Sindinachite zimenezi pofuna ndalama. Sindinafune kuti mtsikana wa kabuku alembe kalata yopita kunja yonena kuti mathanki a Halijah achepa.

8

Kwathu maliro sachedwa. Pofika m'mawa thupi linali litasambitsidwa, litakulungidwa, jeneza yonyamulira maliro ili pabwalo kutsogolo kwa masitepe. Anthu anadzaza mpaka mumsewu, ndi a ku khofi omwe, amene tsopano ankati malemu anali munthu wamasomphenya.

Suriani anabwera. Anayenda ulendo wonse kuchokera ku Kuala Lumpur ndi Dalila, amene tsopano anali wamtali kundifika paphewa. Anaima kumbuyo pakati pa amayi. Bambo wina wa magalasi a m'maso anatsala pa galimoto, ndipo ndinamva akunong'onezana kuti ndi mwamuna wake watsopano, mphunzitsi.

Jeneza isananyamulidwe, mwana wa malemu amaima n'kufunsa khamu. Rosdi anaima pambali pa Shehe.

"Abale, ngati bambo anga analakwira wina, tikupempha muwakhululukire. Ngati ali ndi ngongole kwa wina, yaing'ono kapena yaikulu, abwere kwa ine, kuti apite opepuka."

Pa mwambo umenewu anthu amangoyankha pamodzi kuti takhululuka, jeneza n'kunyamuka. Sindinamvepo wina akuyankha china, makamaka mkazi wamasiye, amene malo ake ndi m'nyumba.

"Ngongole ilipo," ndinatero ndili pamwamba pa masitepe.

Bwalo lonse linatembenuka.

"Mayi, lowani m'nyumba," anatero Rosdi.

"Bambo ako ananyoza munthu wosalakwa. Anafa asakudziwa, ndipo sindilola kuti akafunsidwe za mlandu wanga." Ndinagwira chitsulo cha masitepe. "Mabotolo a ku Jeddah analibe vuto. Ndinasintha madeti pa mathanki asanu. Budu anali wosapsa. Ndinadziwa pothira, ndinadziwa pamene Marzuki anaimba, ndinadziwanso tsiku limene nonsenu munakhala m'nyumba muno n'kumuloza mwana uyo."

Ngakhale Mek Som anatseka pakamwa.

Shehe anakhosomola. "Mwana wanga Suriani, uli pano? Wamva?"

Amayi anapatuka, ndipo Suriani anabwera kutsogolo atagwira Dalila padzanja.

"Ndamva, a Shehe. Koma ndinkadziwa kale."

"Unkadziwa?" ndinafunsa.

"Choko cha miyezi khumi chimathimbirira ndi mchere, Mayi. Cha pa mathanki aja chinali choyera ngati cha dzulo."

"Nanga bwanji sunanene?"

"Ndinanena. Osati pagulu, chifukwa ndinu mayi. Ndinadikira miyezi inayi kuti munene nokha. Kenako ndinamuuza mwana wanu, kamodzi kokha, kuchipinda." Sanamuyang'ane Rosdi. "Anati mkazi wonena mayi ake kuti ndi abodza sangagone m'nyumba mwake. M'mawa mwake anandipatsa talaka."

Ndinayang'ana mwana wanga. Anali ataima manja ali lende, akundiyang'ana ngati munthu amene wafika pakhomo pake n'kupeza nyumba palibe.

"Ndiye ukuti bwanji, mwana wanga?" anafunsa Shehe mofatsa. "Malemu akudikira."

"Bambo ndinawakhululukira kalekale. Anandikalipira chifukwa ankakhulupirira mkazi wawo, ndipo umenewo si mlandu. Anyamuleni." Kenako anatembenukira kwa ine. "Inunso, Mayi, ndakukhululukirani, anthu onsewa amve. Mwandibwezera dzina langa. Zina zija sizibwezeka, ndiye tisavutike nazo."

Anakwera masitepe atatu, anatenga dzanja langa, koma sanalipsompsone. Analigwira pang'ono, n'kulisiya.

"Nyamulani," anatero Shehe.

Rosdi anaika phewa lake pansi pa jeneza ya bambo ake. Podutsa pa masitepe sanatukule maso.

9

Owerenga anzanga, ena mwa inu muli ndi kabizinesi kanu ndipo mukulota tsiku limene katundu wanu adzawoloke nyanja. Lotani ndithu. Adzakuvutitsani ndi ziphaso, matailosi ndi madeti, koma zonsezo munthu amazitha. Chimene sindinauzidwe ine n'chakuti kachinyengo kakang'ono kamene kamakhululukidwa pa msika wa kwanu, chifukwa wogula ndi msuweni ndipo botolo limatha msanga, sikapirira ulendo wautali. Ndipo ngati m'nyumba mwanu muli munthu wofatsa amene akudikira kuti munene zoona nokha, musamuyese wopusa. Akukupatsani nthawi, ndipo nthawiyo akulipira ndi iyeyo.

Anthu amati ndinalimba mtima tsiku la maliro. Kulimba mtima kwanji kodikira mpaka munthu amene unkamuopa maso atakulungidwa m'nsalu? Amuna anga anapita akudziimba mlandu, mpongozi wanga ali kwa mphunzitsi wake, ndipo ndimamva kuti amamusamala.

Rosdi akukhalabe pakhomo pano. Samandikalipira. Amandiperekeza kuchipatala, amandigulira mankhwala, amayankha ndikamufunsa. Koma Loweruka lililonse amanyamuka m'mamawa kupita ku Kuala Lumpur, ulendo wa maola asanu ndi atatu, kukaona mwana wake kwa maola awiri pa malo odyera, kenako n'kubwerera. Sabata yatha ndinamupempha kuti anditenge.

"Ndimufunsa kaye mayi ake," anatero.

Sanandiyankhebe, ndipo ine sindinafunsenso. Chikwama ndinalongedza, chili kuseri kwa chitseko.